Zakwathu zili mu muzeu wa Lisbon, ana athu ali ku Ulongwe

Mwana wa mlongo wanga atapeza malo pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane, ndinakwera machimbombo kukamuona. Kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500, ndiye kuwonjezapo ulendo wa pa chapa kuchokera kwathu ku Ulongwe. Nditapumula tsiku limodzi, mnyamatayo anati, "Amalume, inu mumaphunzitsa ana mbiri, tiyeni mukaone nyumba zimene sukulu yathu imasunga." Sindinkadziwa kuti yunivesite ingakhale ndi ma muzeu, nyumba zosungiramo ndi kuonetseramo zakale, akeake. Ili nawo, ndipo ena mwa iwo ndi aakulu msinkhu kuposa yunivesiteyo.

Sukuluyi inatsegulidwa ndi Apwitikizi mu 1962. Mu 1968 inatchedwa Yunivesite ya Lourenço Marques, ndipo mu 1976, chaka chimodzi dziko litalandira ufulu, inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane. Koma muzeu wa zachilengedwe, Museu de História Natural, unayamba mu 1913, ndipo unalowa m'nyumba imene ulimo lero mu 1933. Nthawi ya atsamunda unkadziwika ndi dzina la Álvaro de Castro, amene anakhalapo bwanamkubwa. Nyumbayo ndi yoyera, yokongoletsedwa ngati tchalitchi chakale cha ku Portugal. M'kati muli mikango, njati ndi njovu zoumitsidwa, zoimikidwa ngati zili kutchire. Chimene aliyense amakakamira kuona ndi ana a njovu osabadwa, oikidwa mondondozana kusonyeza mmene mwana amakulira m'miyezi 22 imene njovu imakhala ndi bere. Tsiku limenelo munali ana a sukulu ovala yunifomu, mphunzitsi wawo akuvutika kuwachotsa pagalasi. Ndinawasirira anawo, chifukwa ana anga a ku Angonia njovu amangoiona pa chithunzi cha m'buku.

Kunja kwa nyumbayo kuli chojambula chachikulu cha pakhoma cha katswiri wojambula Malangatana, mwana wa ku Matalana amene anabadwa mu 1936 ndi kumwalira mu 2011. Nkhope zake n'zothinana, maso otong'oka, mano panja, munthu ndi chilombo osadziwika polekanira. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Munthu wokulira pafupi ndi bwalo la gule sadabwa kuona munthu ndi nyama atalowana thupi, ndipo ngakhale Malangatana anali Mronga wa kummwera, ndinamva ngati akulankhula chinenero chimene agogo anga akanachimva.

Yunivesite yomweyi imasamalanso linga lakale la m'mphepete mwa doko, Fortaleza de Maputo, ndi muzeu wa ndalama umene uli mu Casa Amarela. Za ndalamazo sindikhalitsapo. Ku lingako ndiko kuli bokosi losema la Ngungunhane, mfumu ya Gaza, imene Apwitikizi anaigwira ku Chaimite mu 1895 n'kuitumiza ku zilumba za Açores, kumene inamwalira mu 1906. Zimene amati ndi zotsala zake zinabwezedwa kuno mu 1985. M'bwalo la linga lomwelo muli chifanizo cha Mouzinho de Albuquerque ali pa hatchi, yemwe uja anaigwira mfumuyo. Chinachotsedwa pakati pa mzinda ufulu utabwera. Wogwira ndi wogwidwa tsopano akugona mpanda umodzi. Kwa ife a ku Angonia nkhaniyi si yachilendo kwenikweni: agogo ake a Ngungunhane, Soshangane, anathawa nkhondo zomwe zija za kummwera zimene zinathamangitsa Angoni, ndipo gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi cha ku Zumbo, m'chigawo chathu chomwechi, mu 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa.

Ndiye ndinamufunsa mwana wa mlongo wanga uja, "Nanga zakwathu kwenikweni zili kuti?"

Funso limeneli lili ndi mbiri yake. Kumpoto kwa chigawo cha Tete kuli mapanga okhala ndi zojambula za makolo, monga la Chifumbazi. Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, amene anakhalapo kwa Mpezeni, anakumba m'phanga limenelo mu 1907. Mapale amene anapezeka kumeneko anatchukitsa malowo kotero kuti akatswiri a zofukulafukula anatenga dzina la Chifumbaze kutchulira nalo chikhalidwe chonse cha anthu oyamba kusula chitsulo kummawa ndi kummwera kwa Afrika. Dzina la phiri lakwathu lili m'mabuku a mayunivesite a kutali, koma ana ambiri a ku Macanga ndi ku Chifunde sanauzidwepo zimenezi.

Kenaka kunabwera Santos Júnior wa ku Yunivesite ya Porto, amene anatsogolera gulu lofufuza za mitundu ya anthu lotchedwa Missão Antropológica de Moçambique kuyambira 1936 mpaka 1956. Maulendo ake oyamba anagwira ntchito kuno ku Tete. Anajambula mapanga, anatola miyala yosema ndi ziwiya za m'midzi, anajambula anthu zithunzi, komanso anayeza mitu, mphuno ndi misinkhu yawo, monga mmene sayansi ya atsamunda inkachitira pofuna kusanja mitundu ya anthu. Ine mbali imeneyi imandiwawa. Anthu amene anaimikidwa pamzere kuti ayezedwe anali agogo a winawake, ndipo sakanatha kukana. Katundu yense anapita ku Portugal, n'kusungidwa ndi bungwe la kafukufuku wa maiko otentha, limene mu 2015 linalowetsedwa mu Yunivesite ya Lisbon. Choncho zithunzi za makolo a ku Tete lero zili m'manja mwa yunivesite, koma ya kutsidya kwa nyanja.

Ena amati zonse zibwere. Ena amati kukanapanda kutengedwa, chiswe ndi nkhondo zikanazimaliza, ndipo n'zoona kuti nkhondo ya zaka 16 inasesa midzi ya ku Angonia mpaka anthu kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu opanda ngakhale mphika. Mbali zonse ziwiri ndimazimva. Koma pali chachitatu chimene akuluakulu a kudambwe amanena, ndipo n'chimene anthu a m'mayunivesite amachedwa kuchimvetsa: si chilichonse chimene chinapangidwa kuti chisungidwe. Kasiyamaliro akatha ntchito yake yoperekeza mzimu amatenthedwa. Kumuika m'galasi kuti aliyense, ngakhale wosameta, azimuzungulira n'kumusuzumira, ndi kumuvula ulemu. Chilombo chimakhala chamoyo pabwalo, pali mbalule, fumbi ndi amayi oyimba. Gule ameneyu anapirira amishoni amene ankamutcha wachikunja, anapiriranso zaka zoyamba za ufulu pamene miyambo yambiri inkanyozedwa kuti ndi umbuli, mpaka UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambiki ndi Zambia. Amene anamusunga ndi atsabwalo ndi mafumu, osati kabati ya galasi.

Izi sizikutanthauza kuti muzeu ndi gule sangagwirizane. Tsidya lina la malire, ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo muzeu wa Chamare uli ndi nkhope za gule mazanamazana, pamodzi ndi tanthauzo la chilichonse. Alipo Achewa amene mpaka lero sasangalala nazo, koma ntchitoyo inachitika pokhala ndi anthu zaka zambiri, kumva chinenero chawo ndi kufunsa. Mapanga a Chongoni ku Dedza, okwana 127, analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo zojambula zoyera za kumeneko, za chinamwali ndi za nyau, n'za anthu amodzimodzi ndi ife. Likulu lakale la Undi, ku Mano, linali mbali ino ya malire, ngakhale lero timapita ku Mkaika kukachita Kulamba.

Ku Ulongwe kuno tili ndi nthambi ya zaulimi ya Yunivesite ya Zambeze. Chimene ndimalakalaka n'chaching'ono: chipinda chimodzi, chokhala ndi makope a zithunzi zija za ku Lisbon, mapale ochepa, khasu losulidwa kwathu, nkhokwe yaing'ono, ndi mawu ofotokozera olembedwa m'Chinyanja pambali pa Chipwitikizi. Mafumu ndi anamkungwi akhale oyamba kunena chimene chingaonetsedwe ndi chimene chiyenera kutsala kudambwe. Agogo azibwera kudzazindikira nkhope ndi midzi ya pa zithunzizo, mayina amene sanalembedwe alembedwe.

Nditabwerera ndinaonetsa ana a m'kalasi langa chithunzi cha khoma la Malangatana pa foni. Mtsikana wina anachiyang'anitsitsa, n'kufunsa ngati wojambulayo anali wometa. Ndawalonjeza kuti mvula ikatha tidzapempha chilolezo kwa a mfumu, tikwere phiri tikaone zojambula za m'phanga ndi maso athu.