Kusungulumwa Kumadwalitsa: Zoyenera Kudziwa

Tikamakamba za moyo wabwino, ambiri timathamangira ku chakudya, ndalama ndi mankhwala. Zonsezo n'zofunikadi, wanjala sakondwa. Koma azaumoyo akutsindikanso china: kukhala ndi munthu amene mungamuuze zakukhosi popanda mantha.

Kuyambira mu 1938, akatswiri a yunivesite ya Harvard ku America adatsatira moyo wa anyamata 724, ena ophunzira pa yunivesiteyo, ena a m'mabanja osauka a mumzinda wa Boston. Ankawayeza m'thupi ndi kuwafunsa za ntchito ndi mabanja awo mpaka ukalamba. Amene ankakhutira ndi maubale awo ali ndi zaka 50 ndiwo adafika zaka 80 ali athanzi komanso osangalala. Chidathandiza ndi kudalirika kwa ubalewo, ngakhale abwenzi atakhala awiri okha. Banja la ndewu tsiku ndi tsiku nalo limafooketsa thupi.

Lipoti la 2025 la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko ndi wosungulumwa, ndipo imfa zoposa 871,000 pachaka zimakhudzana ndi vutoli. Thupi la munthu wotere limakhala ngati likuyembekezera ngozi nthawi zonse. Tulo timasowa, BP imakwera, chiopsezo cha matenda a mtima, sitiroko ndi shuga chimakula.

Musaganize kuti ndi vuto la azungu okha. Taonani agogo amene ana awo onse ali ku Johannesburg. Ndalama zimalowa pa foni mwezi uliwonse, ufa ulipo, koma tsiku limatha popanda woti "odi" pakhomo. Amaphika kansima, kudya mbamu ziwiri, n'kuvundikira. Palinso mayi amene wangobereka kumene kutali ndi kwawo, ndi bambo amene ntchito yatha ndipo akuchita manyazi kuonekera kwa anzake. Bamboyu amatidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa adakula akumva kuti mwamuna salira.

Mankhwala a kusungulumwa ali pafupi. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench mu 2006. Agogo aakazi amaphunzitsidwa kumvetsera, n'kumakhala pa benchi panja pa chipatala kudikira anthu ovutika ndi "kufungisisa", kutanthauza kuganiza kwambiri m'Chishona. Samalalikira kapena kudzudzula. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi ndi kuona poyambira. Kafukufuku amene adatuluka mu 2016 adapeza kuti patatha miyezi 6, anthu pafupifupi 14 pa 100 aliwonse amene adakhala pa benchipo anali akadali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pomwe kwa amene adalandira chisamaliro cha nthawi zonse anali pafupifupi 50.

Inunso yambani pomwe muli. Kutumiza ndalama kusalowe m'malo mwa kuimba foni ndi kucheza osathamanga. Mukapita kukaona munthu, foni ikhale m'thumba. Lowani kwaya, banki m'khonde kapena timu ya mpira, poti kumeneko mukajomba amafunsa. Yendani ndi mnzanu madzulo. Kuyenda mphindi 150 pa sabata kumathandiza mtima ndi maganizo omwe. Mowa musauyese mnzanu, umangokulitsa chisoni kukacha.

Pitani kuchipatala ngati kwa milungu iwiri kapena kuposa mwakhala okhumudwa, osafuna kudya, osagona bwino, kapena zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso. Amenewa ndi matenda ochizika, si ufiti kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Wina akanena kuti watopa ndi moyo, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ku Malawi thandizo limayambira pa chipatala cha boma chapafupi, ndipo lapadera lilipo ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.