Lekani kunamizira malipiro a osewera, tikiti ya mpira ikukwera pa zifukwa zina

Timu ikangokweza mtengo wa matikiti, pamatuluka akatswiri awiri. Wina amati, "Nanga osewera awalipira ndi chiyani?" Mnzake amati, "Bwalo likudzazabe, ndiye kuti mtengowo uli bwino." Mawu onse awiriwa ndatopa nawo, ndipo chondiwawa n'chakuti owanena kwambiri ndi masapota eni ake. Akuluakulu a matimu sakuvutikanso n'kudziteteza, poti anthu omwe akuwadyera masuku pamutu ndi amene akuwayankhulira.

Tiyeni tiwerengetsere. Tengani bwalo la anthu 60,000 mu Premier League ya ku England, momwe timu imasewera masewero 19 a ligi pabwalo lake sizoni iliyonse. Kwezani tikiti iliyonse ndi mapaundi atatu. Bwalo likamadzaza masewero onsewo, mwapeza mapaundi 3.42 miliyoni. Koma ku UK tikiti ya mpira imakhala ndi msonkho wa VAT wa 20 pa 100, choncho zolowa m'thumba la timu ndi 2.85 miliyoni. Wosewera wolandira mapaundi 100,000 pa sabata, omwe ku matimu akuluakulu si malipiro odabwitsa, amadya 5.2 miliyoni pa chaka. Mwafinya anthu 60,000 sizoni yonse, ndipo wosewera mmodzi yekhayo simunamalize kumulipira.

Ndalama zolipira osewera zimachokera ku wailesi za kanema ndi ku makampani otsatsa malonda. Premier League itayamba mu 1992, mgwirizano woyamba woonetsa masewero pa kanema unali wa mapaundi 304 miliyoni pa zaka zisanu. Wa 2016 mpaka 2019 unafika 5.136 biliyoni. Womwe analengeza mu December 2023 ndi Sky komanso TNT Sports ndi wa 6.7 biliyoni pa zaka zinayi, ndipo apo sitinaphatikize zomwe amalipira akanema a mayiko akunja. Mu ligi yonseyo, ndalama za pageti ndi gawo limodzi chabe mwa magawo pafupifupi asanu ndi awiri a zomwe matimu amapeza. Ku timu ngati Bournemouth, yomwe bwalo lake mu 2025 linkalowa anthu ongopitirira 11,000, sizifika ngakhale 10 pa 100. A BBC atawerengetsa mabuku a sizoni ya 2016/17 anapeza kuti pafupifupi theka la matimu 20 akanapangabe phindu ngakhale akanasewera m'mabwalo opanda munthu.

Musandimve molakwa. Timu ya m'ligi yaing'ono, yomwe akanema saiyang'ana n'komwe, imadalira geti kuti ilipire magetsi ndi malipiro a mwezi, ndipo imeneyo ikakweza mtengo pang'ono ndimaimvetsa. Palinso choonadi china kumbali ya matimu akuluakulu: malamulo a zachuma tsopano amamangirira zomwe timu ingawononge ku zomwe imapeza. Ku England lamulo linkaletsa timu kutaya mapaundi oposa 105 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo Everton ndi Nottingham Forest analandidwa mapointi mu sizoni ya 2023/24 pa mlandu umenewu. UEFA, bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya, nayo imafuna kuti zolipira osewera ndi makochi komanso zogulira osewera zisapitirire 70 pa 100 ya zomwe timu yapeza. Choncho paundi iliyonse amaiwerenga. Koma poti ndalama za kanema zimakhazikitsidwa ndi ligi yonse ndipo kampani yotsatsa malonda imatha kukana mtengo n'kupita kwina, malo okhawo omwe mkulu wa zachuma angafinye mawa m'mawa popanda womuletsa ndi thumba la sapota. Sapota sasintha timu. Akuluakuluwo amadziwa zimenezo kuposa inu ndi ine.

Tsono za bwalo lodzaza. Funso lenileni ndi lakuti ladzaza ndi ndani. Kwa munthu wowerengetsa ndalama, mpando uliwonse uli ndi phindu lomwe umabweretsa pa sewero limodzi, ndipo mpando wosauka kwambiri ndi wa munthu wa tikiti ya sizoni yonse. Ameneyu analipiriratu masewero 19 pamtengo wotsikirapo, amafika patangotsala mphindi zochepa kuti mpira uyambe, jezi anagula zaka zitatu zapitazo, ndipo ukatha mpira amathamangira sitima. Mlendo wobwera kamodzi pa moyo wake amalipira mtengo wapamwamba wa sewero limodzi, asanatero amayamba walipira ya umembala kuti angololedwa kupikisana nawo pogula, amafika maola atatu mpira usanayambe, amagula jezi, sikafu ndi chakudya. Mpando womwewo mukaugulitsa pamodzi ndi chakudya ndi chakumwa m'chipinda cha alendo olemekezeka, umabweretsa ndalama zochuluka kangapo. Ndiye musadabwe kuti bwalo likakulitsidwa mipando yambiri yatsopano imapita kwa olemekezekawo, kuti mndandanda wodikira tikiti ya sizoni umatenga zaka, kuti masewero amagawidwa m'magulu A, B ndi C kuti okoma onse akhale odula, komanso kuti matimu ena amakulandani tikiti ya sizoni mukaphonya masewero angapo osaibweza kuti aigulitsenso. Cholinga si kukupezani ndalama zambiri inu amene mulipo. Cholinga n'kuika wina pampando wanu.

Zinayamba kale. Ngozi ya pabwalo la Hillsborough ku England pa 15 April 1989, yomwe inapha masapota 97 a Liverpool, inabala lipoti la woweruza milandu Lord Justice Taylor, ndipo pofika 1994 mabwalo a maligi awiri apamwamba anayenera kukhala a mipando yokhayokha. Taylor yemweyo anachenjeza kuti mipando yotsika mtengo ikhale yoti anthu omwe ankaonera mpira choimirira aikwanitse. Mipando anaika, chenjezolo analisiya m'lipoti momwemo.

Nkhani yomwe imandisowetsabe mtendere ndi ya Manchester United. Kumapeto kwa 2024, sizoni ili pakati, timuyi inalengeza kuti matikiti onse otsala a mamembala azigulidwa pa mapaundi 66, ndipo inachotsa mtengo wotsika wa ana ndi wa okalamba. Zisanatero, mitengo inkayambira pa 40 kwa wamkulu ndi 25 kwa mwana. Werengerani kholo la ana awiri: pomwe linkalipira 90, linayenera kulipira 198. Malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma ku UK nthawi imeneyo anali mapaundi 11.44 pa ola kwa munthu wamkulu. Ndiye kuti kholo limenelo ligwire ntchito maola opitirira 17, masiku awiri athunthu ndi kanthu, kuti lilowe ndi ana ake pageti pa mpira wa mphindi 90, osawerengera thiransipoti, osawerengera msonkho womwe boma ladula pa malipirowo. Akuluakulu anayankha kuti matikiti okhudzidwa anali ochepa poti ambiri anali atagulidwa kale. Yankho limenelo ndi lomwe limandipsetsa mtima kwambiri. Ngati anali ochepa, ndalama zake zinalinso zochepa, ndiye munachitiranji? Ndipo matikiti "ochepa" amenewo ndi khomo lokhalo la mwana yemwe bambo ake alibe tikiti ya sizoni. M'mera mpoyamba. Munthu amene sanalowe m'bwalo ali ndi zaka 9 sadzayamba kugula tikiti ya sizoni ali ndi zaka 35. Adzaonera pafoni, ndipo timu ikadzatsika ligi, mlendo wa jezi yatsopano uja atasiya kubwera, mudzamufuna osamupeza.

Kodi munthu wamba angakwanitsebe? Kamodzi kapena kawiri pa chaka, atasunga ndalama, inde. Sabata iliyonse, ndi ana, ku timu yaikulu ya ku England, ambiri madzi afika m'khosi. Ndipo musanyengedwe ndi mawu akuti "matikiti akuyambira pa mtengo wakuti". Funsani kuti mipando ya mtengo umenewo ilipo ingati, ndi pa masewero ati.

Wina adzati mpira wamakono ndi momwe ulili, palibe kuchitira mwina. Pitani ku Germany. Kumeneko malo oonera choimirira sanachotsedwe, ndipo mbali ya kummwera ya bwalo la Borussia Dortmund imalowa anthu pafupifupi 25,000 oimirira. Ku Bayern Munich ndi ku Dortmund tikiti yoimirira yakhala ili pansi pa mayuro 20 kwa zaka zambiri. Chinsinsi chake si mtima wabwino wa akuluakulu, ndi lamulo la 50+1, lomwe limasiya mavoti ambiri m'manja mwa mamembala a kalabu, moti wokweza mtengo mopyola muyezo amakakumana ndi omwe wawakwezerawo pa msonkhano wa pachaka. Fortuna Düsseldorf inafika poyesa kulowetsa anthu ulere pa masewero angapo kuyambira mu 2023, makampani othandiza timu ndi omwe ankabweza ndalamazo. Sindikunena kuti aliyense atengere zimenezo. Ndikungonena kuti mtengo wa tikiti ndi chisankho cha anthu okhala m'ofesi, si mvula yogwa kumwamba.

Chomwe chikubwera n'choipirapo. FIFA itayamba kugulitsa matikiti a Chikho cha Dziko Lonse cha 2026 ku United States, Canada ndi Mexico, inagwiritsa ntchito mitengo yosinthasintha, yomwe imakwera ofuna kugula akachuluka, monga zimachitikira ndi matikiti a ndege. Inalengeza mitengo yoyambira pa madola 60 mpaka 6,730 ya fainolo, pomwe ku Qatar mu 2022 tikiti yodula kwambiri ya fainolo inali pafupifupi madola 1,600. Pamsika wake wogulitsiranso matikiti, FIFA inkadula 15 pa 100 kwa wogulitsa ndi 15 pa 100 inanso kwa wogula. Njira imeneyi ikadzalowa m'maligi, sapota sadzathanso kukonzekera, poti mtengo wa Lachiwiri sudzakhala wa Lachisanu.

Mitengo ikafika apa, adobadoba amaswana, ndipo pano ndikufuna mundimvetsetse. Munthu wokulemberani pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti ali ndi matikiti awiri otchipa poti m'bale wake wadwala, musamutumizire ndalama. Matikiti a matimu akuluakulu ambiri tsopano amakhala m'foni, omangiriridwa ku akaunti ya mwini wake, ndipo chithunzi cha tikiti chojambulidwa pafoni makina a pageti ambiri sachilandira. Komwe chimalandiridwa, dobadoba amagulitsa chithunzi chomwecho kwa anthu asanu, woyamba kufika amalowa, anayi otsalawo amatsala panja. Ngakhale tikiti ikhale yeniyeni, timu ikazindikira kuti yagulitsidwa mwachinyengo imaifafaniza osakuuzani, ndipo mumadziwira pageti, ndalama za ndege ndi za hotelo zitapita kale. Ena amakugulitsani mpando wa pakati pa masapota a eni bwalo pomwe inu mukuchemerera alendo, ndipo alonda amakutulutsani mukangodumpha ndi chigoli choyamba. Masamba a pa intaneti ooneka bwino, okhala ndi chithunzi cha bwalo ndi mawu olonjeza kubweza ndalama, si umboni wa chilichonse. Ku England ndi Wales kugulitsanso tikiti ya mpira popanda chilolezo cha timu ndi mlandu kuyambira mu 1994, n'chifukwa chake masamba oterewa amalembetsedwa m'mayiko ena, komwe simungawalondole. Gulani ku timu yeniyeniyo, kapena pamsika wake wobwezerapo matikiti, kapena kwa ogulitsa omwe timuyo yawatchula pa tsamba lake. Ndipo lipirani pa khadi, osati kutumiza ndalama ku akaunti ya munthu, poti zotumiza choncho kawirikawiri sizibwerera.

Kwa masapota ofuna kulimbana ndi mitengo, mdani wanu ndi kuchedwa. Mitengo ya sizoni yotsatira imakonzedwa pamodzi ndi bajeti, miyezi ingapo sizoni yomwe ilipo isanathe, ndipo ikalengezedwa mumapatsidwa masabata ochepa oti mulipire kapena mutaye mpando. Mukalipira kaye n'kudzakweza zikwangwani mu August, mwangodzitopetsa, ndalama zanu zili kale ku banki. Taonani za ku Liverpool. Mitengo yatsopano, yokhala ndi tikiti ya mapaundi 77, inalengezedwa kumayambiriro kwa February 2016. Pa 6 February, posewera ndi Sunderland, anthu pafupifupi 10,000 anatuluka m'bwalo la Anfield pa mphindi ya 77, timu yawo ikutsogola 2-0, ndipo mpira unatha 2-2. Pasanathe sabata eni timu, a Fenway Sports Group, anapepesa n'kubweza mitengoyo. Mwezi wotsatira matimu a Premier League anagwirizana kuti tikiti ya sapota woyenda ndi timu yake isapitirire mapaundi 30, masapota atalimbikira kuyambira 2013 kuti ikhale 20. UEFA nayo inaika malire pa tikiti ya alendo mu Champions League, mayuro 70 mu 2019, kenako 60, kenako 50 mu sizoni ya 2025/26. Zonsezi zinatheka chifukwa magulu a masapota, ngakhale a matimu odana, anachitira limodzi, ndiponso nthawi isanathe.

Lamulo la ku England la 2025 lokhazikitsa bungwe loyang'anira mpira likukakamiza matimu kufunsa masapota pa nkhani ya mitengo, koma silipatsa bungwelo mphamvu yoika mtengo. Choncho mukaitanidwa ku msonkhano wotero musapite ndi madandaulo okha. Funsani chiwerengero cha matikiti a sizoni chaka chino ndi zaka zisanu zapitazo, mipando yomwe yasamutsidwira kwa olemekezeka, zaka zomwe mwana amasiya kuwerengedwa ngati mwana ndi zomwe wokalamba amayamba kuchotseredwa mtengo, kuchuluka kwa mipando yomwe mitengo yotsikayo imagwira ntchito, ndi ndalama zonse zowonjezera za umembala ndi zogulira pa intaneti. Timu imatha kulengeza kuti mitengo sinakwere pomwe yakweza zaka za wokalamba kuchoka pa 65 kufika pa 66 n'kutsekera mitengo ya ana kumbali imodzi ya bwalo. Mayankhowo muwapemphe olembedwa, ndipo muwapemphe mu January.