Khoma la ku Eight Mile ndi mmene masupamaketi anathawira mu Detroit

Ku Detroit, mzinda wa ku America umene unatchuka ndi kupanga galimoto, kuli khoma la konkire pafupi ndi msewu wa Eight Mile, umene uli malire a mzindawu chakumpoto. Kutalika kwake n'kofanana ndi munthu wamtali ataimirira, ndipo limadutsa kuseri kwa nyumba za anthu mtunda wa pafupifupi theka la mailo. Analimanga mu 1941. Womanga wina ankafuna kumanga nyumba zogulitsa kwa azungu, koma bungwe la boma loona za ngongole za nyumba, Federal Housing Administration, linakana kuikira kumbuyo ngongolezo chifukwa malowo anayandikana ndi mabanja a anthu akuda. Khoma litaima, boma linavomera. Mpaka lero lilipo, ngakhale kuti mbali ina analijambulapo zithunzi.

Ndayamba ndi khoma chifukwa nkhani ya chakudya mu Detroit mizu yake ili pamenepo. M'zaka za m'ma 1930 boma linajambula mapu a mizinda, n'kupaka utoto wofiira madera amene linati ndi oopsa kubwereketsako ndalama. Ambiri mwa madera okhala anthu akuda anagwera mu utoto umenewo. Mabanja amenewa anali atachoka kumwera kwa dzikolo, kuthawa tsankho ndi umphawi wa m'minda ya thonje, kudzafuna ntchito m'mafakitale a Ford ndi anzake. Ntchito anaipeza, koma banki inawatsekera khomo. Azungu okha ndi amene ankapeza ngongole zomangira nyumba zatsopano kunja kwa mzinda, ndipo anapitadi.

Mu 1950 Detroit inali ndi anthu pafupifupi 1.85 miliyoni. Kuyambira pamenepo chiwerengero chinangotsikirabe kwa zaka makumi angapo. Misewu ikuluikulu inang'amba madera a Black Bottom ndi Paradise Valley, n'kufafaniza Hastings Street, kumene anthu akuda anali ndi masitolo awoawo. Misewu yomweyo inathandiza amene anasamuka kuti azigona kunja kwa mzinda n'kumalowa m'mawa kudzagwira ntchito. Mu 1954 kampani ya Hudson's inatsegula msika waukulu wa Northland ku Southfield, kutsidya kwa Eight Mile. Ndalama zinali zitalowera uko, ndipo masitolo anatsatira. Zipolowe za mu Julayi 1967, zimene zinaphetsa anthu 43, zinangofulumizitsa ulendo umene unali utayamba kale.

Eni masupamaketi anali ndi zifukwa zawo. Ankafuna malo aakulu otchipa, bwalo lalikulu loimikapo galimoto, ndi makasitomala odzaza ngolo kamodzi pa sabata. Anatseka sitolo imodzi, kenako ina. Mu 2007 Farmer Jack, kampani imene inabadwira mu Detroit momwemo, inatseka masitolo ake omaliza. Mzinda wa anthu oposa 700,000 unatsala opanda supamaketi yaikulu ya Kroger kapena Meijer ngakhale imodzi mkati mwake.

Zimenezi zimapweteka kwambiri munthu akaganizira kukula kwa mzindawo. Detroit ndi yotambalala, mabasi ake amachedwa, ndipo inshuwalansi ya galimoto kumeneko ndi imodzi mwa zodula kwambiri m'dziko lonse, moti mabanja ambiri mumzinda wa galimotowu alibe galimoto. Mayi wa ana atatu m'mwezi wa Januwale, chipale chili mbuu, amayenera kusankha: kudikira basi ola lathunthu n'kubwerera atanyamula majumbo olemera, kapena kulowa m'kasitolo ka pakona kamene kumeneko amati party store. Mkati mwake wogulitsa amakhala kuseri kwa galasi lochindikala losalowa chipolopolo, ndalama amazilandirira pa kabowo kozungulira. M'mashelefu muli mowa, zakumwa zashuga, tchipisi, zakudya zam'zitini ndi matikiti a lotale. Masamba mulibe. Mwina nthochi ziwiri zitatu zoyamba kuda pafupi ndi polipirira. Mwana wokulira pa chakudya chimenechi, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amamudikira kutsogolo.

Komabe si zoona kuti mu Detroit munalibiretu magolosale. Makampani akuluakulu atachoka, amene anatsala n'kumagulitsa chakudya ambiri anali Akaldayo, Akhristu ochokera ku Iraq. Anthu ankadandaula za mitengo ndi nyama yogonera m'masitolo ena, ndipo nthawi zina pankabuka udani, koma iwowa sanathawe. Panalinso Eastern Market, msika wa alimi umene wakhalapo kuyambira 1891 ndipo umadzaza Loweruka lililonse.

Madera osowa masupamaketi otere m'Chingerezi amawatcha food desert, kutanthauza chipululu cha chakudya. Mawuwa anayamba kumveka ku Scotland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pambuyo pake unduna wa zaulimi ku America unaika muyezo wake: dera la anthu osauka limene ambiri amakhala mtunda woposa mailo imodzi kuchokera ku supamaketi m'tauni, kapena mailosi 10 kumudzi. Ine mawu amenewa sandikhutiritsa. Chipululu chimabwera chifukwa mvula yakana kugwa, palibe amene mungamuloze chala. Koma ku Detroit kunali anthu ogwira pensulo yofiira, kunali wosaina mapepala a khoma. N'chifukwa chake Karen Washington, mlimi wa ku Bronx ku New York, amakonda kunena kuti food apartheid, kubwereka dzina la tsankho lija la ku South Africa. Ndikuona kuti akulondola.

Mu 2013, chaka chomwecho chimene mzinda unalengeza kuti walephera kubweza ngongole zake, Whole Foods inatsegula sitolo ku Midtown mothandizidwa ndi ndalama za boma, ndipo Meijer inatsegula yake pa Eight Mile. Ena anasangalala. Ena anafunsa kuti Whole Foods, yodziwika ndi mitengo yokwera, yabwerera ndani, poti inaima pafupi ndi yunivesite ndi zipatala, kumene anthu andalama anayamba kubwererako. Funsolo linali loyenera, pakuti sitolo ikayandikira koma m'thumba mulibe kanthu, mphika susintha.

Anthu ena sanadikire makampani. Mu 2006 Malik Yakini, amene anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina mumzindamo, pamodzi ndi anzake anayambitsa bungwe la Detroit Black Community Food Security Network. Anayamba kulima, ndipo munda wawo wa D-Town Farm ku Rouge Park unakula kufika maekala 7, momwe muli masamba, njuchi ndi manyowa opanga okha. Kenako anatha zaka zoposa khumi akusonkhanitsa ndalama ndi mamembala kuti akhale ndi golosale yawoyawo. Detroit People's Food Co-op inatsegulidwa pa 1 Meyi 2024 pa Woodward Avenue, m'dera la North End. Aliyense akhoza kugulamo, koma eni ake ndi mamembala zikwi zingapo amene analipira madola 200 aliyense, ndipo membala aliyense ali ndi voti imodzi. Ena mwa masamba amene ali m'mashelefu mwake amalimidwa mkati mwa Detroit momwemo, pa malo amene kale panali nyumba za anthu.