Mafunso ndi mayankho: zimene khonsolo ya mzinda imachita nzika zikakana lamulo lake ku California

Chimvekereni kuti anthu ena akusainitsa chikalata chokana lamulo la kagwiritsidwe ntchito ka malo limene khonsolo yathu inavomereza, foni ya mu ofesi ya mlembi wa khonsolo sikupuma, ndipo ena ofika pa kauntala amabwera atakwiya kale. Tasonkhanitsa pano mafunso amene tikufunsidwa kawirikawiri. Mayankhowa akutsata malamulo a zisankho a boma la California monga akugwirira ntchito m'mizinda yotsata malamulo a boma lonse. Mizinda yokhala ndi malamulo akeake oyendetsera mzinda, monga Los Angeles, San Diego ndi San Francisco, imatha kukhala ndi ziwerengero zosiyana. Ofesi ino si loya wa mbali iliyonse, choncho amene akufuna uphungu wa zamalamulo aufune kwa loya wake.

Kodi riferendamu ya mzinda n'chiyani?

Ndi mphamvu imene ovota a ku California ali nayo kuyambira mu 1911, yoimitsa lamulo limene khonsolo yavomereza kumene mpaka khonsoloyo italichotsa kapena ovota ataligamula pa chisankho.

Kodi pakufunika anthu angati, ndipo masiku 30 amayambira pati?

Pakufunika ovota 10 pa 100 alionse olembetsedwa mu mzindawo, potengera chiwerengero chomaliza chimene kaunti (dera lalikulu limene mzindawo uli m'kati mwake) inapereka ku boma la California. Tiyerekeze kuti mzinda uli ndi ovota 40,000, ndiye kuti pafunika masiginecha 4,000 ovomerezeka. M'mizinda ing'onoing'ono ya ovota 1,000 kapena ochepera apo, pamafunika ovota 25 pa 100 alionse kapena anthu 100, potengera chiwerengero chochepa pa ziwirizi. Masiku 30 amene osainitsa ali nawo kuti apereke chikalata amawerengedwa kuchokera tsiku limene mlembi wa khonsolo wasaina kutsimikiza lamulolo. Mapepala onse amaperekedwa nthawi imodzi ofesi ili yotsegula, ndipo tikangodinda chidindo cha nthawi pa katoni yomaliza, palibenso tsamba limene tingalandire, ngakhale mwini wake atabwera nalo akuthamanga kuti linaiwalika m'galimoto.

Ndinasaina, koma ndamva kuti dzina langa likhoza kukanidwa. Zoona?

Zikhoza kutheka, ndipo funso limeneli ndi lomwe labweretsa madandaulo ambiri, choncho tiliyankha mosamala. Siginecha imawerengedwa ngati wosainayo anali wolembetsedwa m'kaundula wa ovota wa mzinda uno pa nthawi imene ankasaina, ngati analemba yekha dzina lake ndi adiresi ya kumene amakhala, ndiponso ngati adiresiyo ikugwirizana ndi imene ili m'kaundula. Nambala ya bokosi la ku positi ofesi sikwanira. Ambiri amagwa pa nkhani ya kusamuka. Munthu amasamuka nyumba miyezi ingapo yapitayo, osasintha adiresi m'kaundula, kenako n'kusaina panja pa sitolo, ngolo ya katundu ili m'manja, n'kulembapo adiresi yatsopano. Kwa iye walemba zoona, koma wofufuza akayerekeza ndi kaundula amapeza zosiyana, ndipo nthawi zambiri siginecha yotereyi siwerengedwa. Tikuvomereza kuti zimapweteka, koma ogwira ntchito alibe mphamvu yokonzera munthu zimene analemba.

Palinso anthu amene keyala yawo ili ndi dzina la mzinda uno koma nyumba yawo ili kunja kwa malire a mzinda, m'dera loyang'aniridwa ndi kaunti. Amenewa savota pa zisankho za mzinda, choncho siginecha yawo siwerengedwa ngakhale lamulolo litawakhudza tsiku ndi tsiku. Amene ali ndi green card kapena chilolezo china chokhalira mu America koma si nzika, ndipo tikudziwa kuti ambiri mwa owerenga tsamba lino ali m'gulu limeneli, sangalembetse m'kaundula wa ovota, ndiye asasaine, ngakhale osainitsa atawakakamiza. Iwo ali ndi ufulu wolankhula pa msonkhano wa khonsolo ndi kulembera makhansala. Wosainitsa anthu ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, ndipo amalumbira pa pepalalo kuti anaona ndi maso ake munthu aliyense akusaina. Lumbiro limeneli likasowa, masiginecha onse a gawo limenelo amakhala pa chiopsezo. Sitinganeneretu za siginecha ya munthu aliyense payekha kafukufuku asanathe, ndipo tikupempha kuti musatiimbire foni kufunsa zimenezo.

Kodi ndi zoona kuti simuwerenga masiginecha onse?

Nthawi zina ndi zoona, ndipo lamulo limalola. Masiginecha akapitirira 500, ofufuza akhoza kutapa ena mwachisawawa, osachepera 500 kapena 3 pa 100 alionse, potengera chiwerengero chachikulu, n'kuwerengetsera kuchokera pamenepo. Zotsatira zikaposa 110 pa 100 ya chiwerengero chofunika, chikalata chadutsa. Zikachepera 95 pa 100, chalephera. Zikagwera pakati, amafufuza masiginecha limodzilimodzi. Kafukufuku woyamba ali ndi masiku 30 a ntchito, osawerengera Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi, ndipo kawirikawiri amachitidwa ndi ofesi ya zisankho ya kaunti chifukwa ndi imene imasunga kaundula.

Kodi makhansala adzaona mayina a anthu amene anasaina?

Ayi. Zikalata zimenezi sizili m'gulu la mapepala a boma amene aliyense angapemphe kuona. Chikalata chikalephera, eni ake amaloledwa kudzaona chifukwa chake, bola ayambe pasanathe masiku 21 kuchokera pamene chatsimikizidwa kuti chalephera.

Ndinasaina ndisanamvetse. Ndingachotse dzina langa?

Mungathe, polemba kalata yosainidwa n'kuipereka ku ofesi ino tsiku loperekera chikalata lisanafike. Chikaperekedwa, mwachedwa.

Chikalata chikadutsa, bwanji khonsolo osangokonza mbali imene anthu akudandaula?

Lamulo silipereka njira imeneyo. Mlembi akatsimikizira khonsolo pa msonkhano wake wotsatira kuti masiginecha akwana, makhansala amakhala ndi njira ziwiri zokha: kuchotsa lamulolo lonse, kapena kulipereka kwa ovota. Akasankha yachiwiriyi, amaliika pa chisankho cha nthawi zonse cha mzinda kapena amaitanitsa chisankho chapadera, koma chilichonse mwa ziwirizi chisachitike pasanathe masiku 88 kuchokera tsiku limene alamula. Nthawi yonseyi lamulolo limakhala loimitsidwa. Likachotsedwa ndi khonsolo kapena kukanidwa ndi ovota, khonsolo singalikhazikitsenso kwa chaka chimodzi, ndipo makhoti savomereza kuti libwerere litangosinthidwa mawu ochepa pamene mfundo zake zili zomwezo. Lamulo lina losiyana kwenikweni pa nkhani yomweyo limatheka, koma kuti kusiyanako kwakwana kapena ayi ndi nkhani imene loya wa mzinda amaunika, ndipo nthawi zina imakathera kukhoti.

Kodi kuchedwetsa chisankho si njira yogwetsera anthu ulesi?

Ena atinena choncho, ndipo tikumvetsa chifukwa chake, koma ofesi ino sisankha tsiku. Amasankha ndi makhansala pa msonkhano wapoyera, ndipo kudikira kumapweteka kwambiri ofuna lamulolo, pakuti siligwira ntchito mpaka ovota atalivomereza. Ku San Diego khonsolo inavomereza lamulo lokweza malipiro ochepetsetsa mu 2014, otsutsa anasainitsa chikalata, ndipo lamulolo linakhala chiimire mpaka ovota atalivomereza mu June 2016. Ku San Francisco lamulo la mu 2017 loletsa kugulitsa fodya wothira zonunkhiritsa linaimitsidwa ndi chikalata chimene kampani ya R.J. Reynolds inathirapo ndalama zambiri, koma ovota pafupifupi 68 pa 100 alionse analivomereza mu June 2018.

Ndani amalipira zonsezi?

Mzinda, kutanthauza okhometsedwa misonkho. Osainitsa amadzilipirira okha kusindikiza mapepala ndi kulemba anthu aganyu ngati afuna, pakuti kulipira osainitsa n'kololedwa ku California, koma ndalama za kafukufuku wa masiginecha ndi za chisankho zimachokera m'thumba la mzinda. Chisankho chapadera chimadya ndalama zochuluka kwambiri kusiyana ndi kuphatikiza funsolo pa chisankho chimene kaunti ikuchititsa kale, chifukwa mzinda umasenza wokha mtengo wa mapepala ovotera, kutumiza makalata ndi ogwira ntchito. Sitikupereka chiwerengero pano chifukwa chimachokera ku kaunti, ndipo chimasintha malinga ndi kuchuluka kwa ovota komanso maboma ena amene akugawana nawo chisankhocho. Makhansala amaloledwa kuganizira mtengowu posankha njira, ngakhale kuti tikudziwa kuti kwa ena kutchula mtengo kumamveka ngati kuwadzudzula chifukwa chogwiritsa ntchito ufulu wawo. Sitikutanthauza zimenezo. Tiwonjezere kuti ndalama za mzinda sizigwiritsidwa ntchito pokopa anthu kuti avotere mbali ina. Khoti lalikulu la California linagamula mfundo imeneyi mu 1976 pa mlandu wa Stanson ndi Mott, ndipo mu 2009 pa mlandu wa Vargas ndi mzinda wa Salinas linanena kuti mzinda ukhoza kufotokoza mfundo mosakondera koma osachita kampeni.

Kodi tingakane chilichonse chimene khonsolo yagamula, monga kukwera kwa mtengo wa madzi?

Ayi. Riferendamu imakhudza zigamulo zokhazikitsa lamulo kapena ndondomeko, osati ntchito za tsiku ndi tsiku zoyendetsera lamulo limene lilipo kale. Malamulo oitanitsa zisankho, a misonkho, ndi ofulumira oteteza bata, thanzi ndi chitetezo cha anthu (ofulumirawa amafuna mavoti a makhansala anayi mwa asanu alionse), sakhudzidwa. Pa nkhani ya madzi, khoti lalikulu la California linagamula mu 2020, pa mlandu wa Wilde ndi mzinda wa Dunsmuir, kuti mitengo ya madzi singaimitsidwe ndi riferendamu. Malamulo osintha kagwiritsidwe ntchito ka malo, monga limene likukambidwa pano, amakhudzidwa, ndipo mlandu wa mzinda wa Morgan Hill wa mu 2018 unatsimikiza zimenezo.

Pa pepala lovotera, kuchonga "Inde" kukutanthauza chiyani?

Funso limakhala lakuti kodi lamulolo livomerezedwe. Choncho "Inde" akusunga lamulo la khonsolo, pamene "Ayi" akulikana. Amene anasaina chikalata ndipo sanasinthe maganizo adzachonga "Ayi".