Zigawo za America zili ndi malire pa malamulo a mowa

Ambiri amaganiza kuti chiyambire 1933, pomwe America idachotsa chiletso cha mowa n'kusiyira zigawo zake mphamvu zoyendetsa malondawa, chigawo chilichonse chimachita chomwe chafuna. Si zoona.

Ku Hartford, m'chigawo cha Wisconsin, mkulu wa apolisi adamata chikalata m'malo ogulitsira mowa choletsa kugulitsa kapena kupatsa mowa mayi wina wotchedwa Constantineau kwa chaka chathunthu. Sadamudziwitse, sadamve mbali yake. Dzina lake lidangopachikidwa poyera ngati chidakwa. Kumeneku n'kuchititsa munthu manyazi koopsa.

Mu 1971, pa mlandu wa Wisconsin v. Constantineau, Khoti Lalikulu la America lidagamula kuti lamulo lolola zimenezi likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko, chifukwa boma silingaipitse mbiri ya munthu lisanamudziwitse n'kumupatsa mpata wodziteteza.