Kumwerekera ndi foni komanso magemu: zoti tonse tidziwe

Anzanga, palibe akunena kuti titaye mafoni, timalankhulirapo ndi abale akutali, timaphunzirirapo, ena ntchito yawo ili momwemo. Funso ndi loti kodi sikiliniyo ikukulandani chani? Chifukwa vutoli limaonekera pa zomwe zayamba kusowa malo, tulo, sukulu, ntchito, komanso munthu amene mwakhala naye pampando umodzi chimadzulo chonse osamuyang'ana nkomwe kumaso.

Kodi ndi matenda enieni?

Kumbali ya magemu, eya. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti kumwerekera ndi magemu kulowe m'ndandanda wa matenda wotchedwa ICD-11, womwe unayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Koma chonde musathamangire kunena kuti mwana aliyense wokonda gemu akudwala, ambiri osewera alibe vutoli. Achipatala amayang'ana ngati munthu walephereratu kudziletsa, amati ndisewere pang'ono kenako kunja kwacha, amayang'ananso ngati gemu yakhala patsogolo pa chilichonse moti kusamba, kudya ndi kucheza zonse zabwera pambuyo, komanso ngati akupitirizabe pomwe akuona yekha kuti kusukulu kapena kuntchito zinthu zasokonekera. Zimenezi zimayenera kukhala zachitika kwa miyezi yosachepera 12, koma zikafika poipa sadikira kuti chaka chikwane.

Chifukwa chani kusiya kumavuta chonchi?

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, chifukwa anthu ambiri amadziimba mlandu kuti ndine waulesi, ndilibe mtima wodziletsa, pomwe zinthuzi anazipanga dala kuti musachokepo. Tsamba la Facebook kapena TikTok lilibe pothera, vidiyo ikatha ina imayamba yokha musanaganize nkomwe, ma notification amakuitanani ngakhale mwaika foni pansi, ndipo popeza simudziwa kuti mukatsegula mupezamo chani, mwina ma like, mwina meseji, mwina palibe, mtima umangoti tsegulanso kamodzi. Juga imakokanso anthu mwanjira yomweyi. M'magemu ena mumakhala timabokosi togula ndi ndalama osadziwa zomwe zilimo, ndipo dziko la Belgium mu 2018 linagamula kuti timabokosi totere ndi juga ndithu.

Choyamba kuonongeka ndi tulo. Kuwala usiku kumachedwetsa melatonin, timadzi ta m'thupi tomwe timabweretsa tulo, komanso ubongo sungapume uli pakati pa mkangano wa pagulupu. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, wamkulu osachepera 7. Akapanda kukwana mawa lake ndi kupsa mtima, kuiwalaiwala, kuwodzera m'kalasi.

Ndiye pali za m'maganizo. Mu 2023 Vivek Murthy, yemwe anali mkulu wa zaumoyo ku America, anachenjeza kuti achinyamata omwe amatha maola opitirira 3 patsiku pa masamba a mchezo amakhala pachiopsezo chowirikiza kawiri cha nkhawa ndi kuvutika maganizo. Mwana amaona zithunzi zokonzedwa ndi ma filter n'kumadziona wosaoneka bwino, amaona anzake akungoonetsa zosangalatsa zokhazokha n'kumayesa kuti iye yekha ndiye zake sizikuyenda. Ndipo chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kunyozana kwa pa intaneti, kale wokuvutitsa amatsala kusukulu, pano amalowa nawe mpaka m'bulangete. Munthu atha kukhala ndi anzake 2,000 pa Facebook koma atadwala osapeza woti amuuze.

Za magalasi a VR, aja mumavala n'kumaona ngati muli kwina, ena amamva nseru, chizungulire ndi mutu chifukwa maso akuuza ubongo kuti mukuyenda pomwe mkati mwa khutu mukuti mwaima. Zikayamba vulani pompo, khalani pansi, musayendetse galimoto mpaka zitatha.

Nanga ana aang'ono?

WHO mu 2019 inalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikilini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepera apo ndiye bwino. Mwana amaphunzira kulankhula pomwe munthu akumuyankha, kumusekerera, kumuyang'ana, katuni sangachite zimenezo. Ndikudziwa makolo timatopa ndipo foni imatontholetsa mwana msanga, koma tizikumbukiranso kuti amaonera ife, sitingamuletse titawerama pa yathu.

Maiko ena afika poika malamulo. China mu 2021 inalamula kuti osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi pa holide, ndipo Australia mu 2024 inakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa masamba a mchezo. Koma lamulo silingalowe kuchipinda usiku, pamenepo ndi pa ife eni.

Tingatani?

Yambani ndi usiku, foni izigona pa tchaja kunja kwa chipinda, ndipo muziisiya kutatsala ola kuti mugone. Zimitsani ma notification onse osafunika. Mafoni ambiri ali ndi poonetsa maola omwe mwathera pa app iliyonse, tsegulani muone, nambalayo imathandiza kuposa kungoganizira. Pa nthawi ya chakudya aliyense aike pambali, akulu omwe. Maso akamawawa, mphindi 20 zilizonse yang'anani chinthu chakutali ngati mamita 6 kwa masekondi 20. Poyendetsa galimoto musayigwire nkomwe, WHO imati ngozi imawirikiza pafupifupi kanayi.

Mwana wanu musangomulanda foni mwaukali, nthawi zambiri amangoyamba kubisa. Khalani naye, mufunseni amasewera chani, amacheza ndi ndani, pali akumuvutitsa kapena kumupempha zithunzi? Nthawi zina gemu imakhala pobisalira munthu amene ali kale ndi nkhawa, ndiye mukachotsa gemu yokha nkhawayo imatsala.

Pitani kuchipatala kapena kwa mlangizi ngati munthu wasiya sukulu kapena ntchito, sakugona kwa masabata, akuba ndalama zogulira data kapena zinthu za m'gemu, kapena amachita ndewu akaletsedwa. Akayamba kulankhula zodzipha kapena kudzivulaza musamusiye yekha, pitani naye tsiku lomwelo.