Mu pentiyo mwathiramo chiyani?

Aliyense wobwera ndi airbrush yotsekeka, kachipangizo kaja kopopera penti ndi mpweya pa tindege ndi zidole zina zapulasitiki zomata tokha, ndimamufunsa chinthu chimodzi: mu pentiyo mwathiramo chiyani? Yankho lake n'lomwe landitopetsa. "Thinner, bambo." Thinner, mankhwala osungunulira penti, ilipo yamitundumitundu. Yake iti? Apo munthu amangoti kukamwa yasa.

Abale anga, mabotolo onse olembedwa kuti acrylic si pachibale. Vallejo ndi penti ya madzi. Tamiya ya m'timabotolo tagalasi, ija ya X ndi XF, ili ndi alcohol, ndipo imayenda bwino ndi thinner yakeyake, X-20A. Mukatenga alcohol n'kuthira mu Vallejo, penti imachita mibulu nthawi yomweyo, n'kukamatirira ku singano ya m'kati mwa airbrush. Kenako mumayamba kunyoza airbrush kuti ndi yotchipa, chonsecho mwaitsamwitsa ndinu.

Musandifunsenso kuti madontho angati. Pa Tamiya ambiri timayambira theka penti theka thinner, koma kumeneko n'kuyambira chabe. Botolo lomwe lakhala chaka litatsegulidwa silingafanane ndi latsopano, yoyera ndi yolimba kuposa yakuda, ndipo nozzle, kamlomo kotulukira penti, ya 0.2 mm imafuna penti yopyapyala kuposa ya 0.5 mm. Sakanizirani m'kabotolo kapadera, osati m'kakapu ka airbrush momwe yolimba imathamangira pansi. Mukatero kokerani dontho m'mbali mwa botolo ndi kamtengo. Litsike ngati mkaka, likusiya kamzere ka mtundu koonekera. Likaima, onjezani thinner. Likatsika osasiya kanthu, mwapyoza. Mphamvu ya mpweya pa kompuresa ikhale pakati pa 15 ndi 20 psi, ndipo yesani kaye pa supuni yapulasitiki musanayandikire chomwe mwavutikira milungu yambiri.

Chomwe makanema a pa YouTube sangakuuzeni n'chakuti Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala mpweya wa kuno ndi wouma gwa. Penti imauma ili m'njira, isanafike pa pulasitiki. Mukadutsitsa chala pamamveka mchengamchenga, ndipo kunsonga kwa singano kumamera kachipolopolo kouma pakangopita mphindi zochepa. Wojambula kanemayo mwina ali ku England kwa chinyezi. Inu kuno sendezani airbrush pafupi, tsitsani mpweya pang'ono, ndipo muthire dontho limodzi la retarder kapena flow improver, mankhwala othandiza kuti penti isaume msanga. Mu Okutobala ine ndimapopera m'mamawa, dzuwa lisanawotche malata.

Za madzi othira mu penti ndinene mwachidule. A pamjigo amakhala ndi mchere wa m'nthaka womwe umasiya timadontho toyera penti ikauma. Gulani distilled water, aja othira m'mabatire a galimoto, koma werengani botolo musatenge asidi.

Yomwe imandiwawabe ndi ya mnyamata wina wa ku Mufakose. Malume ake anamubweretsera kuchokera ku Johannesburg kandege kapulasitiki komata wekha ka Hawker Hunter, ka sikelo ya 1/72 (kochepa ka 72 poyerekeza ndi yeniyeni), mtundu uja unkauluka kuchokera ku bwalo la ndege zankhondo la Thornhill ku Gweru. Mwanayo ali ndi dzanja, sindinama. Anamata bwino, msoko uliwonse anaupala mpaka osaoneka. X-20A itamuthera, wina wogulitsa zitsulo pamsika anamuthirira thinner ya penti ya galimoto m'botolo la zakumwa, n'kumutsimikizira kuti thinner ndi imodzimodzi, kusiyana n'mtengo basi. Iye anapopera mothithikiza, chapafupi. Pulasitiki ya ndegezi ndi polystyrene, ndipo thinner yaukali choncho imaidya. Phiko linachita makwinya, timizere tonse ta mapanelo tinafafanizika, galasi la woyendetsa linasanduka loyera mbee. Atabwera nayo m'kabokosi ka nsapato anandifunsa kuti, "Bambo, sitingaipale n'kuyambiranso?" Panalibe chopala. Wogulitsa uja sanaonepo ndege yapulasitiki chibadwire, koma analankhula ngati katswiri, ndipo anthu otere ndi ambiri.

Enanso amakuuzani za spiriti yapepo ija ya methylated. Utoto wake umalowa mu penti yoyera. Ena amati mankhwala opukutira mawindo, koma ambiri mwa iwo ali ndi ammonia, yomwe pang'onopang'ono imadya chrome ya m'kati mwa kakapu. Zopulumutsa dola imodzi zimenezi zimathera pa kuitanitsa nozzle kunja ndi kudikira mwezi.

Ndiye pali kuzengereza. Magetsi akathima muli pakati popopera, musanene kuti nditsuka akabwera. Acrylic ikauma simasungunukanso ndi madzi. Khuthulani penti nthawi yomweyo, tsukani kakapu, solorani singano n'kuipukuta ndi kansalu konyowa kuchokera kumbuyo kupita kunsonga. Ambiri amaisiya mpaka mawa, kenako amakankha singano mwamphamvu mu penti youma, nozzle n'kung'ambika. Mng'aluwo ndi maso simungauone, mumangoona thovu likubwerera m'kakapu ndi penti ikupita chammbali. Ikafika pamenepo musandibweretsere kuti ndikonze, nozzle yong'ambika imangofuna ina.